Kodi odikirira ana ku Gulupu amatsata malamulo otani?

Abale ndi alongo, ndikupempha uphungu kwa inu amene mudadikirirapo mwana wodwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, makamaka ku Mercy James, kumene amachitira ana opaleshoni kuyambira m'chaka cha 2017. Mdzukulu wanga wam'tumiza kumeneko kuchokera kuchipatala cha boma kwathu, ndipo amayi ake, omwe ali ndi khanda loyamwa kumsana, sadagonepo m'chipatala chachikulu.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi khandali. Kodi amalola mayi kugona nalo m'wodi pambali pa wodwalayo, kapena tiyenera kupeza wina woti adikirire? Ngati amalola munthu mmodzi yekha pabedi, kodi n'zotheka kuti agogo ake aakazi azisinthana ndi mayiyo usiku, ndipo kodi bambo amaloledwa kugonamo?

Ndikufunanso kudziwa za chakudya. Tamanga kale ufa, nyemba, kapoto ndi mbaula, koma sindikufuna kuti tisenze katundu amene akatibweze naye pageti. Kodi odikirira amaphikira kuti, nanga amachapa ndi kuyanika kuti matewera? Ndikudziwa kuti mwana sadya kwa maola angapo asanalowe ku opaleshoni, ndipo lamulo limeneli tikalitsata ndithu, ngakhale atalilira phala chotani.

Chonde mundiuzenso nthawi yozonda odwala, popeza achibale ndi akumpingo akufuna kudzationa, ndipo sindikufuna kuti akasokoneze anamwino pantchito yawo.