Ku Málaga ndi amayi ovutika maondo, tiyende bwanji?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mwezi wa Okutobala ndikupita ndi amayi ku Málaga, kum'mwera kwa Spain, masiku anayi okha. Ali ndi zaka 68 ndipo maondo amawavuta kwambiri. Akakwera masitepe khumi amayamba aima kaye, dzanja atatsamiza kukhoma.

Mtima wanga uli pa Alcazaba, linga lija anamanga Asilamu zaka za m'ma 1000, koma lili paphiri. Ndamva kuti pali chikepe. Inu amene munakwerapo, kodi chimakafika pamwamba penipeni, kapena munthu amayendabe chitunda? Nanga ku Gibralfaro, linga lina lija la pamwamba pa phiri lomwelo, basi imakatula anthu pakhomo?

Kunyumba yosungira zojambula za Picasso, amene anabadwira mumzindawu mu 1881, tikalowa ndithu. Koma amayi chawo ndi nsomba. Nditawaonetsa chithunzi cha espetos, tinsomba totungidwa pakamtengo n'kuwambidwa pamoto wa nkhuni m'kabwato kodzaza mchenga, anangoti, "Mwanangu, kumeneko ukandifikitse." Ndiye tilimbe mtima mpaka ku Pedregalejo, gombe la chapatali kum'mawa kwa mzindawu, kapena pagombe la La Malagueta pompo tikazipeza zabwino?

Msika wa Atarazanas nawonso, tikafike nthawi yanji anthu asanathithikane? Amayi sangathe kukankhana m'chigulu.