Za mwala wa chiliza cha agogo

Amalume aakulu: Odi nonse. Mwala wa chiliza cha amayi wafika, uli pa Lizulu kwa alamu. Lole ikathera pa mjigo paja, kuchokera pamenepo mpaka kumanda ndi ngolo basi, koma ng'ombe imodzi ya alamu ikutsimphina ndiye tikankha ndi manja Loweruka. Amfumu ndawauza kale. Anyamata anayi akwana.

Azakhali a ku Lilongwe: Anayi achimwene?? chitunda chija cha pa mango mwachiiwala eti, chaka chatha ngolo ya mbatatesi inabwerera chammbuyo pompaja mpaka kuponda ndowa yanga yatsopanotsopano, anthu ake analinso anayi omwewo

Achimwene a ku Joni: kkkk ndowa ija simunaiiwalebe azakhali

Mdzukulu wa Fomu 4: Pepani akuluakulu ndilowererepo. Mungolo mukhala chani ndi chani? Ndikufuna ndiwerengere net force, tinaphunzira ku Physics

Amalume aakulu: Mwala akuti ndi 150 kg, simenti matumba anayi. Neti wakoyo ndi wa udzudzu kapena wa usipa?

Mdzukulu wa Fomu 4: Ayi amalume kkk. Ndi mphamvu yotsala mukachotsera. Zokankhira mbali imodzi mumaziphatikiza, zobweza mumachotsa, chotsalacho ndiye chimayendetsa katundu. Simenti thumba ndi 50 kg ndiye anayi 200, mwala 150, ngolo yokha tingoti 150, zonse 500 kg. Dziko limakoka kilo iliyonse ndi ma newton (muyeso wa mphamvu, mwachidule N) pafupifupi 10, kwenikweni 9.8 koma kusukulu timangoti 10, ndiye kulemera konse ndi 5000 N

Azakhali a ku Lilongwe: Mayo ine 5000! ndiye tiitane mudzi wonsetu

Mdzukulu wa Fomu 4: Ayi azakhali sitikunyamula pamutu, zambirizo zikutsamira pa matayala. Chitunda chija ndikuchiona ngati mukayenda mamita 10 mwakwera mita imodzi, ndiye chobweza ngolo kumunsi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, 500 N. Kuonjezera mchenga uja umagwira matayala, ndingoyerekeza 300 N. Zotibweza zonse 800 N. Mnyamata mmodzi kukankha osapumira tiike 200 N, ngati kukoka sikelo mpaka ifike pa 20 kg. Anayi ndi 800. 800 kuchotsa 800 ndi ziro amalume

Amalume aakulu: Ziro ndiye kuti chani, anthu akutuluka thukuta iwe ukuti ziro

Mdzukulu wa Fomu 4: Thukuta lituluka ndithu koma ngati ngolo yaima siinyamuka, ndipo ngati ikuyenda ingoyenda liwiro lomwelo osaonjezera. Ndi lamulo loyamba la Isaac Newton limenelo. Ndiye mmodzi angoterereka kapena ayankhe foni zotibweza zapambana, ngolo iima, ndipo atasiya atatu kapena onse ikhoza kubwerera, basi nkhani ya ndowa ija

Mlamu wa pa Lizulu: Mwanayu akunena zoona, tsiku lija awiri anasiya nthawi imodzi kuthamangira chipewa changa chitauluka, wachitatu nkuterereka. Sindinanenepo chifukwa cha manyazi

Azakhali a ku Lilongwe: Ohoo lero zaululika. Alamu ndowa yanga ibwere

Mdzukulu wa Fomu 4: Akakhala asanu ndi 1000 kuchotsa 800, yatsala 200 N yopita kumtunda. Mukagawa 200 ndi 500 kg mupeza 0.4, kutanthauza sekondi iliyonse liwiro likuonjezereka ndi mamita 0.4 pa sekondi, iyenda bwinobwino. Koma ine ndikuopa kutsetsereka kwa kuseri kolowera kumanda. Kumeneko 500 ija yatembenuka ikukokera kutsogolo, mchenga ukubweza 300 yokha, yatsala 200 N ngolo ikuthamanga yokha opanda woikankha. Pamenepo anthu asakankhenso, akhale kumbuyo ndi chingwe azibweza, ndipo kutsogolo kusakhale munthu chonde

Achimwene a ku Joni: Fizi yathu sikupita pachabe apa. Amalume tengani asanu ndi mmodzi, wa sikisiyo azinyamula mwala wopinga tayala akafuna kupuma. Ya thobwa ndi nsima yawo nditumiza pa Mpamba mawa

Amalume aakulu: Ife tinakweza njerwa za tchalitchi pa chitunda chomwechi opanda Newton wanuyo. Koma chabwino, sikisi. Okoka chingwe kutsogolo pokwera aziyenda m'mbali mwa njira, pakati pali matope a pa mjigo

Mdzukulu wa Fomu 4: Amalume akakokera chammbali mphamvu ina ikuthera kumbaliko, si yonse ikupita kutsogolo. Bola chingwe chikhale chachitali aziyenda molunjika, matope angoponda

Azakhali a ku Lilongwe: Nanga bwanji osangopanga maulendo awiri, simenti payokha mwala pawokha? ine Fomu 4 sindinafike koma izi ndiye ndikuziona

Mdzukulu wa Fomu 4: Eee zoonadi azakhali, ulendo wa mwala ukhala 300 kg yokha, chitunda chibweza 300 N basi. Sindinaganize kkk

Amalume aakulu: Maulendo awiri, tiyambe 5 koloko dzuwa lisanawawe, mmisiri akufuna simenti ikhale itafika pofika 7. Alamu matayala a ngolo mupope Lachisanu. Chingwe ali nacho ndani?

Mlamu wa pa Lizulu: Chilipo cha ng'ombe chija koma chinaduka pakati ndinachita kulumikiza, wina abweretse chabwino