Kuwoloka pa Songwe ndi chikwama chakumsana: ndiyambire pati?

Wachikwama:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Mwezi wa Juni ndikufuna kunyamuka ku Mzuzu kupita ku Dar es Salaam ndekhandekha, chikwama chimodzi kumsana, kumakwera chomwe ndapeza m'malo mwa basi yolunjika. Pasipoti ya Malawi ndili nayo. Chondidetsa nkhawa ndi pa boda ya Songwe, malire a Malawi ndi Tanzania: zidindo zimayenda bwanji, ndalama ndisinthire pati, nanga ndikawoloka ndilowere kuti kusanade?

WakuKaronga:
Achimwene, mugone ku Karonga, muwoloke m'mawa. Kuchokera ku Mzuzu ndi makilomita oposa 200, ndipo chitunda cha Chiweta chimadya nthawi. Mukaumirira kuchita zonse tsiku limodzi, mdima ukakupezani muli pa boda. Kuchoka pa depoti ya Karonga kufika pa Songwe ndi makilomita pafupifupi 45. Ma Sienta alipo ambiri, amangodikira kudzaza.

Zidindo ndi ziwiri, ndipo zonse muzione ndi maso anu. Choyamba n'cha Malawi chotulukira. Mukadinditsa muwoloke mlatho wa mtsinje wa Songwe wapansi, si patali. Tsidya linalo ndi Kasumulu, ndipo pamenepo mudinditse cholowera ku Tanzania. Mmalawi safunika viza pa ulendo wokacheza wosapitirira masiku 90, koma pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa isanathe ntchito. Akakubwezerani, musangoiponya m'thumba. Itseguleni muli pomwepo pa windo, muone deti ndi masiku amene akupatsani, chifukwa chogwira ntchito ndi chimene wofesala walemba. Akafunsa kumene mukagone, mukhale ndi dzina la loji ndi nambala yake papepala.

Pa mlathopo mudzaona azimayi osenza nthochi, anyamata a kabaza ndi ana akungodutsa uku akucheza m'Chinkhonde ndi Chinyakyusa. Amenewo ndi eni dera, abale awo ali mbali zonse ziwiri. Inu musatengeke n'kuwatsatira osadinditsa. Msewu umenewu amadutsamo anthu ochokera ku Ethiopia ndi Somalia opita ku South Africa, ena opanda mapepala, choncho apolisi amaimitsa galimoto kawirikawiri n'kufunsa ziphaso. Wopezeka alibe chidindo cholowera amakhala pa mlandu wolowa m'dziko mozemba, ndipo "sindimadziwa" sapulumutsa.

MayiWaGeni:
Za zidindo bambowa anena zoona. Ine ndikambe za ndalama, poti ndi pamene ambiri amalirira.

Kwacha mukaipitirira nayo Kyela ndi Mbeya, matauni a ku Tanzania, imangokhala pepala. Sinthani ku banki kapena ku byulo yovomerezeka, lisiti musunge. Anyamata onyamula mipukutu ya ndalama adzakuzingani musanatsike n'komwe m'galimoto. Machenjera awo ndi awa: amakupatsani mashilingi operewera dala, inu mukawerenga n'kudandaula amati "bweretsani tiwerengenso", amawonjezera mapepala awiri mukuona, koma pobweza mpukutuwo chala chimakhala chasolola ena angapo pansi. Mnzake amakhala akukulankhulitsani kumbali kuti maso achoke pa manja. Ndalama imene mwawerenga isabwererenso m'manja mwa munthu wina, ndipo yanu isatuluke musanamalize kuwerenga yawo.

Muwadziwiretu mapepala ake. Lalikulu kwambiri ndi 10,000, lofiira, lili ndi njovu. La 5,000 lili ndi chipembere, la 2,000 mkango, la 1,000 nkhope ya Julius Nyerere. Pemphani ang'onoang'ono ambiri, chifukwa kondakitala wa daladala (minibasi ya kumeneko) mukamupatsa njovu chenji chimavuta. Ndalamazo muzigawe patatu: zoyendera lero m'thumba la kutsogolo, zambiri m'kachikwama ka m'kati mwa malaya pamodzi ndi pasipoti, zina zochepa pansi penipeni pa chikwama.

Majumbo asiyeni kwathu kuno. Tanzania inawaletsa kuyambira pa 1 Juni 2019. Nsapato ndi zovala zakuda mukulunge m'chitenje.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanga, chimene chimasiyitsa anthu basi ndi wotchi, ndipo imasokoneza pawiri.

Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Mukaponda pa mlatho nthawi ili 9 koloko, pa Kasumulu yakwana kale 10. Foni ikadali pa netiweki ya kwathu imatha kukhalabe pa nthawi ya Malawi, ndiye isintheni pamanja.

Kachiwiri, m'Chiswahili tsiku amaliwerenga kuyambira kotuluka dzuwa. "Saa moja asubuhi", kunena kuti ola loyamba la m'mawa, ndi 7 koloko. "Saa sita mchana" ndi 12 koloko masana. Kusiyana kwake ndi maola asanu ndi limodzi nthawi zonse. Tsono kalaliki akakuuzani kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili asubuhi", kapena kulemba 12:00 pa tikiti, akunena 6 koloko m'mawa, imene pa wotchi yosasintha ya ku Malawi ndi 5 koloko. Munthu wosadziwa izi amadzuka mosafulumira, kusamba, kumwa tiyi, kukafika pa siteji basi ili kale kutali. Muonetseni kalalikiyo wotchi ya pa foni, akulozereni nthawiyo ndi chala.

Ndipo musanafunse chilichonse, perekani moni. Kwa wamkulu ndi "Shikamoo", iye adzayankha "Marahaba". Ulemu umene munaphunzira kwanu ndi womwewo, mawu okha ndi amene asintha. Mudzamva ngati mwabwerera ku ubwana, kuloza chakudya ndi chala, koma khutu limatseguka msanga poti mawu ambiri ndi apachibale: nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, madzi ndi maji, mvula ndi mvua. Nsima akuti ugali, ndipo amaphika yolimba kuposa yathu.

Wachikwama:
Zikomo kwambiri nonse, za wotchizi sindikanaziganizira n'komwe. Nanga kuchoka ku Mbeya, sitima kapena basi?

WakuKaronga:
Muyambe mwafika ku Mbeyako. Ndi makilomita opitirira pang'ono 100 kuchokera pa Kasumulu, kukwera mapiri kudzera ku Tukuyu, kumene kuli minda ya tiyi ndi nthochi, mpaka pa mphambano ya Uyole. Mumachoka kotentha kunyanja n'kukafika pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700, ndiye mu Juni juzi ikhale pamwamba m'chikwama. Simukhadi mugule mu shopu yeniyeni ya Vodacom kapena Airtel, akalembetse pa pasipoti yanu. Ya m'manja mwa munthu wa pamsewu imakhala m'dzina la wina, ikatsekedwa ndalama zanu za pa foni zatsekeredwa momwemo.

Ine ndingati sitima ya TAZARA. Siteshoni ili ku Iyunga, kunja kwa tauni. Kalasi yoyamba ndi mabedi anayi m'chipinda, yachiwiri asanu ndi limodzi, amuna paokha akazi paokha. Siyenda tsiku lililonse ndipo imachedwa ndi maola ambiri, choncho mukafunse pa siteshoni pomwepo ndi kugula tikiti msanga.

MayiWaGeni:
Sitima ndi ya munthu amene alibe tsiku lofikira. Ngati masiku ndi owerengeka, kwerani basi. Ndi makilomita oposa 800 kudzera ku Iringa, mapiri a Kitonga ndi Morogoro, tsiku lathunthu muli pampando. Tikiti mugule dzulo lake mu ofesi ya kampani, osati kwa oitanira, ndipo musankhe mpando wa pawindo chifukwa msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Mikumi, kumene nyamalikiti ndi anyani amaoneka m'mbali mwa tala. Chikwama chikalowa kunsi kwa basi, pasipoti, foni ndi ndalama zikhale pathupi panu. Mabasiwa amathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndithu ndi pakati pa mzinda, ndipo mudzafika usiku. Loji ya usiku woyambawo muipeze kufupi ndi Mbezi komweko, ku Kariakoo, kumsika wa pakati pa mzinda, mukalowe kutacha.