Chimanga, soya ndi mtedza mu ufa wa phala: dizaini yanga ikukana kukwana 100

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikufufuza muyeso wabwino wa chimanga, soya ndi mtedza mu ufa wa phala la ana, longa Likuni Phala koma lothira mtedza. Ndakonza factorial ya 3×3×3, kutanthauza miyeso itatu ya chinthu chilichonse yosakanizidwa m'njira zonse 27, koma ndikaphatikiza maperesenti, ena akufika 120, ena akuthera pa 75. Chimanga chisachepere 60, soya 10, mtedza 5. Ndalakwitsa pati?

Wa Masamu: Achemwali, masamu anu ali bwino, dizaini ndiyo yosayenera. Factorial imafuna kuti chinthu chilichonse chizikwera kapena kutsika pachokha. Pa zosakaniza sizitheka, chifukwa zonse pamodzi ziyenera kukwana 100: mukawonjezera soya, chimanga kapena mtedza zichepa basi. Onaninso kuti makilogalamu 8 a chimanga ndi 2 a soya ndi ufa womwewo ndi makilogalamu 4 ndi 1, koma factorial imaziwerenga ngati ufa wosiyana.

Njira yake anaikonza katswiri wa masamu Henry Scheffé, simplex-lattice mu 1958 ndi simplex-centroid mu 1963. Tengani yachiwiriyo. Malire anu atenga kale 75, ndiye yogawa yatsala 25. Dizainiyi ili ngati chithunzi cha makona atatu. Motsata chimanga/soya/mtedza, m'makona muli 85/10/5, 60/35/5 ndi 60/10/30. Pakati pa makona awiriawiri pali 72.5/22.5/5, 72.5/10/17.5 ndi 60/22.5/17.5. Pakatikati penipeni ndi 68.3/18.3/13.3. Mitundu 7 m'malo mwa 27. Pa ufa wa makilogalamu 2, woyambawo ndi magalamu 1,700, 200 ndi 100. Shuga ndi mchere zikhale kunja kwa 100, muyeso umodzi paliponse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri bambo. Nanga kubwereza? Ndiphike mtundu uliwonse kamodzi n'kuyeza katatu?

Wa Masamu: Ayi ndithu, apa ndi pamene ambiri amagwa. Masipuni atatu a mumphika umodzi akukuuzani za choyezera chanu chokha. Kubwereza kwenikweni ndi kuyambiranso pa sikelo, kusakaniza, kugaya ndi kuphika. Mtundu uliwonse kawiri, wapakatikati katatu, miphika 15, ndipo ndondomeko yophikira muchite mayere. Popanda izi simungathe kuyesa lack of fit, kutanthauza kuona ngati modelo ikugwirizana ndi zotsatira zanu.

Posanthula, sinthani kaye manambala kukhala pseudo-components: chotsani malire a pansi n'kugawa ndi 25. Modelo yake ilibe intercept, nambala yoyambira yoima payokha. Mu pulogalamu ya R lembani lm(y ~ -1 + x1 + x2 + x3 + x1:x2 + x1:x3 + x2:x3), pomwe y ndi zomwe mwayeza, ndipo x1, x2 ndi x3 ndi chimanga, soya ndi mtedza. Chenjerani, mukachotsa intercept, R² (nambala yosonyeza mmene modelo yalongosolera zotsatira) amene summary imatulutsa amakhala wokwera monyenga, popeza amawerengera kuchokera pa ziro. Phukusi la R lotchedwa mixexp limakonza zimenezo. Ndipo musavutike ndi p-value ya x1 payekha, ikungofunsa ngati phala la pakona lapeza ziro. Chofunika ndi x1:x2 ndi anzake. Tiyerekeze kuti makona awiri apeza 6 ndi 4 pa kukoma. Pakati pake mungayembekeze 5. Pakapezeka 6.5, b12, nambala ya x1:x2, ndi 4×6.5 kuchotsa 2×10 (10 ndi 6 kuphatikiza 4), yomwe ndi 6, kusonyeza kuti ziwirizo zikukometsana.

Wa Zakudya: Ndikuvomereza zonse kupatula makona awiri. Soya wa 35 peresenti fungo lake ana ambiri amalikana, ndipo mtedza wa 30 peresenti, popeza pafupifupi theka lake ndi mafuta, umamata sefa ya chigayo, ufa n'kumatuluka zibuluma, osachedwanso kununkha m'paketi. Ikani malire a pamwamba, soya 25, mtedza 15. Mukatero makona akhala anayi: 85/10/5, 70/25/5, 75/10/15 ndi 60/25/15, pakati pake 72.5/17.5/10.

Mapuloteni musawonongere ndalama ku labu pa mtundu uliwonse. Amangotsata muyeso: chimanga chili ndi pafupifupi 9 peresenti, mtedza 25, soya kuposa 35. Yezani zinthu zitatuzo pazokha, kwinako ndi kuchulukitsa. Kafukufuku aloze pa kulimba kwa phala ndi kukoma, kumene masamu sangalosere.

Soya yense mukazinge ulendo umodzi. Mukakazinga wina lero wina mawa, kusiyana kwa moto kudzaoneka ngati kusiyana kwa muyeso. Mtedza ukhale wa thumba limodzi, wosankhidwa bwino, woyezedwa aflatoxin (poizoni wa chuku) musanapatse munthu aliyense. Olawa musawapatse makapu oposa 4 pa nthawi imodzi, pa kapu palembedwe nambala ya madijiti atatu, osati dzina la ufa, ndipo azitsuka mkamwa ndi madzi asanalawe ina.

Wa Masamu: Mayi akunena zoona, tsatirani malire awowo. Imeneyo tsopano ndi extreme vertices ya McLean ndi Anderson ya 1966, ndipo Xvert ya mu mixexp ikutulutsirani makonawo. Modelo ili ndi zigawo 6, choncho makona 4 ndi pakati pamodzi sizikwanira. Onjezani pakati pa mbali zonse zinayi kuti mitundu ikhale 9. Kachidule ka b12 kaja sikagwiranso ntchito pamenepo, musiyire lm.