Thanki ilibe madzi koma HMI ikuonetsa 20%

Wophunzira wa pa attachment:
Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Ndili pa attachment yanga yoyamba pa fakitale ina, mbali ya magetsi ndi controls. A supavaiza andipatsa ntchito yofufuza chimene chavuta pa thanki ya madzi. Thankiyo ili ndi level transmitter (chipangizo choyeza kuchuluka kwa madzi) ya 4-20 mA, ya mawaya awiri, yopita ku PLC (kompyuta yoyendetsa makina) ya Siemens S7-1200. Madzi onse anawakhuthula kuti atsuke m'kati, koma HMI (sikirini ya a opareta) ikuonetsabe 20%. Chinanso, pampu yake ili pa VFD (drive yosintha liwiro la mota), ndipo ikangolizidwa nambala ija siikhazikika, imangokwera ndi kutsika. Ine ndimaganiza zongochotsera 20 mu pulogalamu kuti ifike pa 0. Mukuona bwanji?

Tekinishani wa zoyezera:
Mphwanga, laputopuyo iyambe yakhala m'chikwama. Tenga multimeter uyeze kaye current ya mu loop, kutanthauza mawaya a pakati pa transmitter ndi PLC. Thanki ilibe kanthu uyenera kupeza 4 mA. Ukapeza cha m'ma 7.2 mA, ndiye kuti transmitter ndi imene ikunama, ikutumizadi 20%. Ukapeza 4 mA, transmitter ilibe mlandu, kafufuze ku PLC.

Poyeza umamasula waya mmodzi, mita n'kulowa pakati pake. Usaigunditse pa 24 V ili pa mA, fyuzi ya m'kati ipsa pompo ndipo eni mita sakusekerera. Uwauzenso a opareta usanamasule, chifukwa PLC ikaona siginolo yasowa ikhoza kuliza alamu kapena kudzutsa pampu, kutengera mmene anailembera.

Injiniya wa ma PLC:
Ine ndikuganiza kwambiri kuti channel ya PLC imene transmitter yalumikizidwapo anaitchera pa 0-20 mA. Pa Siemens nambala ya analog imayenda kuchokera pa 0 kufika pa 27648. Channel ikakhala pa 0-20 mA, 4 mA imabwera ngati 5530 kapena pafupi pamenepo, ndipo 5530 pa 27648 ndi 20% ndendende. Tsegula watch table, poonera manambala a m'kati mwa PLC, uone nambalayo isanalowe mu NORM_X ndi SCALE_X, zimene zimaisandutsa peresenti.

Koma zochotsera 20 zo usayerekeze. Cholakwikachi sichofanana paliponse. Pansi penipeni ikuwonjezera 20, thanki ili theka pa 12 mA ionetsa 60% m'malo mwa 50%, ikadzaza pa 20 mA ionetsa 100% molondola. Ukachotsera 20, thanki yodzaza ndeende izionetsa 80%. Tsono ngati pampu inauzidwa kuti izizima pa 90%, idzazima liti? Madzi adzasefukira fakitale yonse, HMI ili phee.

Mkulu wa za magetsi:
Anzanga anena zoona. Ine changa ndi cha panelo ya VFD. Kuzimitsa isolator, switchi yodulira magetsi, sikutanthauza kuti magetsi athera pomwepo. Ma capacitor a DC bus, m'kati mwa drive, amasunga mphamvu, ndipo pa drive ya 400 V amakhala ndi mavolti opitirira 500. Dikira mphindi zimene zalembedwa pa chivindikiro cha drive, kenako uyeze. Loko wako pa isolator, kiyi m'thumba mwako, ndipo a supavaiza akhale pambali pako. Ana asukulu ambiri amachita manyazi kupempha loko, ati aoneka amantha. Pempha basi.

Za kudumpha kwa nambala, tsatira kebulo ya transmitter ndi maso kuchokera pa thanki mpaka mu panelo. Ngati yagona mu thireyi imodzi ndi kebulo ya mota, phokoso la magetsi losokoneza siginolo likuchokera pamenepo. Uonenso shield, chokutira cha kebulo chotchinga phokosolo, ngati anaimanga ku earth mbali ya panelo, kapena anangoidula n'kuikulunga ndi tepi.

Injiniya wa ma PLC:
Pa shield paja akulu, mabuku ena a opanga zipangizo amati imangidwe mbali zonse ziwiri ngati earth ya malowo inalumikizidwa bwino. Aone chimene drawing ikunena. Smoothing, yosalaza nambala yodumphadumpha, iliponso pa channel, ikhoza kuthandizako.

Mkulu wa za magetsi:
Drawing aone ndithu. Koma smoothing ibwere pomaliza. Ukayamba ndi imeneyo wangophimba chilonda, ndipo nambala imayamba kuchedwa kutsatira madzi.

Wophunzira wa pa attachment:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Tayeza limodzi ndi a supavaiza, tapeza 4.01 mA, ndipo watch table ikusewera cha m'ma 5530. Channel ilidi pa 0-20 mA. A opareta akuti transmitter yakale inali ya mtundu wina, anaisintha koma ku PLC sanakhudzeko. Kebulo nayo yayenda limodzi ndi ya mota pafupifupi mamita 15, ndipo shield ikungolendewera mu panelo. Ndisinthe pompano?

Injiniya wa ma PLC:
Ayi, dikira. Kusintha channel ndi hardware configuration, ndipo poitumiza CPU imapita pa STOP, zonse zimene PLC ikuyendetsa ziima. Gwirizanani ndi a production nthawi yoimitsira. Musanatumize kanthu sungani backup, mufananizenso project ya mu laputopu ndi imene ili mu PLC, poti kawirikawiri sizikhala zofanana. Ukaika pa 4-20 mA uyatsenso wire break, kuti waya akaduka PLC izidziwa. Uonenso ma setpoint a alamu ya madzi ochepa, mwina wina anawakweza kuti agwirizane ndi nambala yabodzayo.

Tekinishani wa zoyezera:
Mukatha bwereka loop calibrator, chipangizo chotulutsa ma mA amene wasankha, ulowetse 4, 12 ndi 20 mA, uone ngati HMI ikupereka 0, 50 ndi 100%. Manambala ake ulembe mu logbook, a supavaiza asainire.

Wophunzira wa pa attachment:
Andilola Loweruka m'mawa makina akaima. Kebulo tiisamutsira mu thireyi ya ma siginolo tsiku lomwelo. Calibrator ilipo ku workshop, kungoti batire lake linatha, ndaliika kale pa chaji.