Corolla AE110 ikuchedwa kulira ikakhalitsa, ndi pampu kapena?

WaKuChilobwe:
Akuluakulu ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Corolla AE110 ya 1997, injini yake 5A-FE, vuto ndi loti ikagona usiku mmawa ndimapukusa sitata mpaka maneba kusuzumira pa windo, kenako ndi pomwe ikugwira, imanjenjemera pang'ono basi n'kukhala bwinobwino ngati palibe chavuta. Ndikaima pa golosale n'kuzimitsa n'kulizanso pompo imagwira kamodzi. Koma ikakhala ola limodzi kapena awiri zayambiranso. Batire ndi latsopano, mapulagi ndinasintha. Makaniki wina akuti ndigule pampu ya mafuta koma ndi mmene zinthu zadulira panomu sindikufuna kugula mongoganizira.

Madala_a_ku_Biwi:
Achimwene musagule kaye. Zomwe mukunenazo zikumveka ngati presha ya mafuta ikuthawa galimoto ikazima, ndiye mmawa pampu imayamba kaye yadzadza mapaipi onse kuchokera ku thanki mpaka ku ma injector (amene amapopera mafuta mu injini), nchifukwa chake mukupukusa nthawi yaitali. Pezani galaja yomwe ili ndi geji ya presha, osati awa ongomvera ndi khutu. Injini zimenezi presha imayenera kukhala pakati pa 38 ndi 44 psi mukazula kapaipi ka vacuum ka pa regulator (kachipangizo kowongolera presha ya mafuta), ndipo mukazimitsa ikhale pamwamba pa 21 psi kwa maminitsi 5. Ikagwa fwaa nthawi yomweyo ndiye olakwa alipo atatu, check valve ya mu pampu (kavalavu koletsa mafuta kubwerera ku thanki), regulator, kapena injector yomwe ikudontha. Kuwasiyanitsa sikovuta, mukazimitsa finyani paipi yobweza mafuta ku thanki (pamene pali labala, osati pachitsulo chonde), singano ikaima ndiye regulator. Ikapitirira kugwa finyani yochokera ku pampu, ikaima apo ndi check valve, pamenepo ndiye pampuyo mugula ndithu chifukwa valavuyo ili mkati mwake. Zonse mwafinya ikugwabe, ma injector amenewo. Regulator muthanso kuiyesa nokha pakhomo, zulani kapaipi ka vacuum kaja mununkhize, mukapeza petulo mkatimo ndiye yabooka.

dalaiva_wa_M1:
Aise ingotembenuzani kiyi pa ON katatu musanalize, muzimva pampu ikulira kumbuyoko, ikagwira msanga mwadziwa kuti ndi presha

Madala_a_ku_Biwi:
Nzeru imeneyo imagwira pa magalimoto ambiri koma ma Toyota akale awa pampu siithamanga pa ON, imadikira injini iyambe kuzungulira. Munthu atha kuganiza kuti pampu yafa pomwe ili bwino. Tsegulani boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, kuseri kwa chivindikiro chake analemba mayina a mabowo, lumikizani FP ndi +B ndi kawaya kiyi ali pa ON, mudzamva mafuta akuyenda. Dikirani pang'ono, chotsani waya, lizani. Ikagwira kamodzi nkhani ndi ya preshayo. Muonetsetse mabowo ake bwinobwino musanalowetse waya, ndipo wosuta fodya akhale kutali.

Mayi_a_Sienta:
Funso langa ndi loti nthawi ya mizere ya mafuta ija simunathireko a m'zigubu? Ife yathu inayamba chimodzimodzi, atatsegula thanki kasefa ka pansi pa pampu kanali kuda bii, matope okhaokha ndi timadzi. Petulo wa kuno amasakaniza kale ndi ethanol amene amakoka madzi ndiye ukaonjezera za m'zigubu zosatsuka zija basi. Ndiye filter ya mafuta nayonso munasintha liti? Ambiri timangokumbuka ya oilo.

WaKuChilobwe:
Mayi za zigubuzo musafunse, tonse tinadutsamo kkkk. Filter sindinaikhudzepo chigulireni galimotoyi. Madala ndayesa za kawaya zija mmawa uno, yagwira kamodzi ngati yatsopano. Kapaipi ka vacuum n'kouma sikakununkha petulo. Utsi wakuda kulibenso ikamalira.

Madala_a_ku_Biwi:
Ngati utsi wakuda kulibe ndipo mapulagi sakunyowa ma injector ndikuwachotsa pa mlandu, ine ndikukayikira check valve. Komabe kayezetseni ndi geji musanatulutse ndalama, ndipo mukamasintha pampu musinthiretu kasefa ndi filter yomwe, thanki atsuke. Za pampu zotchipa zopanda dzina zija samalani nazo, zina presha yake siifika n'komwe pa 38.