Kodi ntchila zingawetedwe padamu?

Mlimi wa ku Zomba: Abale ndithandizeni, ndili ndi damu la makumba ndiye ndikufuna ndiikemonso ntchila, malemu agogo ankazikonda kwabasi koma pano kumsika sizikuoneka. Zimadya chani?

Nabanda: Achimwene ntchila pakamwa pake panayang'ana pansi, imapala ndere ndi zowolerana za m'matope, ndiye thirani manyowa a nkhuku madzi abiriwire, madeya pang'ono basi.

Msodzi wa ku Mangochi: Vuto ndi mbewu bwana. Mvula ikagwa zimakwera mitsinje kukaswa, nkomwe anthu ankazitchera miono mazira ali tho m'mimba mpaka zinachepa chonchi, zimandiwawa ine. Pamadzi ongoima siziswa wamba.

Nabanda: Zoona, kafunseni ku Domasi kwa alangizi a nsomba musanawononge ndalama.